Msilikali akalakwa amaweruzidwa ndi ndani?

Mu Julayi 2024, khoti la asilikali kummawa kwa dziko la Congo linagamula kuti asilikali 25 aphedwe chifukwa chothawa pankhondo yolimbana ndi gulu loukira boma la M23. Mlandu wonsewo unatha tsiku limodzi. Mu Novembala chaka chomwecho tinamvanso kuti Kizza Besigye, mtsogoleri wotsutsa boma ku Uganda, wagwidwa ku Nairobi ndipo wakaonekera kukhoti la asilikali ku Kampala, chonsecho iye usilikali anausiya zaka zoposa 20 zapitazo. Nkhani zoterezi zikamveka pawailesi, anthu amafunsana. Kodi khoti la asilikali ndi khoti lenileni, kapena ndi msonkhano chabe wa akuluakulu a kubalaki? Woweruza amakhala ndani? Munthu angachite apilo? Nanga chimaletsa msilikali kupita kwa majisitireti ngati wina aliyense n'chiyani?

Dziko lililonse lili ndi dongosolo lakelake, ndipo tikati tifotokoze onse pamodzi tingosokonezana. Titenge la ku Britain n'kuliyang'ana bwinobwino. Malamulo a asilikali a maiko ambiri a m'chigawo chathu, Malawi ndi Zambia omwe, anachokera kumeneko kudzera m'magulu ankhondo a nthawi ya atsamunda. Komanso lero lino alipo anyamata ndi atsikana akwathu amene akugwira usilikali ku Britain, ndipo malamulo amenewa ndi amene amawamanga tsiku ndi tsiku. Funso limene likubwerabwera m'mbiri yonseyi ndi limodzi: kodi munthu amene amalamula msilikali akhozanso kukhala womuweruza?

Malamulo apaderawa anachokera kuti

Munthu wamba akajomba kuntchito, bwana akhoza kumudula malipiro kapena kumuchotsa, koma sangamutsekere m'chitokosi. Msilikali ndi wosiyana. Ntchito yake imafuna kuti athamangire kumene ena onse akuthawako, amvere ngakhale mantha atamugwira, ndiponso asunge mfuti imene ingathe kupha anthu ambiri m'kanthawi kochepa. Gulu la anthu a zida koma lopanda mwambo limaopsa eni dziko kuposa mmene limaopsera adani. Apa ndi pamene pagona mfundo ya onse amene amaikira kumbuyo makhoti a asilikali. Iwo amati mwambo uyenera kusungidwa mwachangu kulikonse kumene asilikali ali, kaya ndi m'chipululu kaya ndi pasitima pakati pa nyanja, kumene kulibe majisitireti.

Ku England mafumu ankaika malamulo a kunkhondo pamene nkhondo yayamba, koma nthawi yamtendere mphamvu yawo yolanga msilikali mwapadera inali yokayikitsa. Zinthu zinasintha mu 1689. Mfumu James II itachotsedwa pampando, asilikali ena amene ankaikondabe anagalukira mfumu yatsopano, William, ali m'tauni ya Ipswich. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa msangamsanga lamulo lotchedwa Mutiny Act, lololeza kuti ogalukira ndi othawa usilikali aziweruzidwa ndi asilikali anzawo, ngakhale kuphedwa kumene. Koma aphunguwo ankaopa kusiya gulu lankhondo lokhalitsa m'manja mwa mfumu, choncho lamulolo analipatsa miyezi yowerengeka kuti likatha azilionanso.

Chizolowezi chimenecho chilipobe. Lamulo la masiku ano, Armed Forces Act la 2006, aphungu amayenera kulivomerezanso chaka ndi chaka, ndipo zaka zisanu zilizonse pamafunika lamulo latsopano kuti lipitirire, monga zinachitikira mu 2011, 2016 ndi 2021. Aphungu atangokhala chete osachitapo kanthu, mphamvu yolanga asilikali ingathere pomwepo. Mfundo imeneyi ndimaiona yofunika kuposa mmene anthu amaiganizira, chifukwa ikutanthauza kuti mphamvu ya khoti la asilikali ndi yobwereka kwa anthu wamba kudzera mwa aphungu awo. Lamulo la 2006 linayamba kugwira ntchito pa 31 Okutobala 2009, n'kuphatikiza malamulo atatu amene kale anali osiyana, la asilikali apamtunda, la apamadzi ndi la am'mlengalenga.

Milandu yake ndi yotani

Msilikali amasenza malamulo awiri nthawi imodzi. Akaba, akagwiririra, akapha munthu, wapalamula ngati wina aliyense. Gawo 42 la lamulolo likuti chilichonse chimene ndi mlandu ku England ndi Wales ndi mlandunso kukhoti la asilikali, ngakhale munthuyo atachitira ku Kenya, ku Cyprus kapena ku Afghanistan. Lamulo limamutsatira kulikonse kumene watumidwa. Pamwamba pa milandu imeneyi pali ina imene munthu wamba sangapalamule n'komwe: kugalukira, kukana lamulo la wamkulu, kugona kapena kuchoka pamalo a ulonda, kudzidwalitsa kapena kudzivulaza dala pofuna kuzemba ntchito.

Iwiri mwa milanduyi anthu amaisokoneza kawirikawiri. Kuchoka popanda chilolezo ndi pamene msilikali sali pamalo amene akuyenera kukhala, mwina wapitirira masiku a tchuthi, ndipo chilango chake sichipyola zaka 2. Kuthawa usilikali ndi pamene wachoka ndi cholinga chosabwereranso, kapena chofuna kuzemba kunkhondo, ndipo wozemba kunkhondo lamulo limalola kuti atsekeredwe moyo wonse. Kusiyana kwake kuli mumtima mwa munthu, choncho khoti limayang'ana zizindikiro, monga kutalika kwa nthawi, kumene anapita, ngati anabwerera yekha kapena anachita kugwidwa. Joe Glenton, amene anachoka atatsala pang'ono kutumizidwanso ku Afghanistan, poyamba ankaimbidwa mlandu wothawa usilikali, koma mu 2010 anavomera wochoka popanda chilolezo ndipo anapatsidwa miyezi 9.

Palinso mlandu wina wotambalala kwambiri, wa khalidwe losokoneza mwambo ndi bata pakati pa asilikali. Akuluakulu amati n'kosatheka kulemba m'buku cholakwa chilichonse chimene munthu angachite kubalaki. Maloya ena amati mlandu wopanda malire ngati umenewu umapatsa wamkulu mpata wolanga aliyense amene sakumufuna.

Nanga msilikali azimvera chilichonse? Ayi. Lamulo likunena za kukana chimene wamkulu walamula movomerezeka. Vuto ndi kudziwa pamene pali malire. Mu 2006, dokotala wa asilikali am'mlengalenga, Malcolm Kendall-Smith, anakana kupita ku Iraq ponena kuti nkhondoyo inali yosaloleka. Khoti linati zimene analamulidwa kuchita zinali zovomerezeka, ndipo linamupatsa miyezi 8 n'kumuchotsa ntchito. Mbali inayo, chiyambire milandu ya akuluakulu a Germany ku Nuremberg itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mawu oti "ndinachita kutumidwa" sapulumutsa munthu amene wachita chinthu choonekeratu kuti n'choletsedwa. William Calley wa ku America anayesa kudzitchinjiriza choncho pa kuphedwa kwa anthu a m'mudzi wa My Lai ku Vietnam mu 1968, koma khoti la asilikali linamupeza wolakwa mu 1971. Choncho msilikali saloledwa kusankha nkhondo yoti amenye, koma akuyenera kukana akauzidwa kuwombera mwana kapena mdani amene wagonja kale. Pamapepala zimamveka zophweka. Kwa mnyamata wa zaka 19 amene sajeni akumukalipira pakati pa kulira kwa mfuti, n'zolemera zedi.

Pamaso pa komanda

Milandu yambiri siifika n'komwe kukhoti. Imathera mu ofesi ya komanda wa gululo, pa chimene amachitcha summary hearing. Msilikali amalowa ataperekezedwa, mlandu umawerengedwa, umboni umamveka, iye amayankha, komanda n'kugamula. Loya saloledwa kulowamo, ngakhale munthuyo akhoza kufunsira nzeru kwa loya lisanafike tsikulo. Amene amakhala pambali pake ndi ofesala kapena msilikali wina womuthandiza. Komanda akhoza kulamula chindapusa, kutsitsa udindo, kuletsa tchuthi, kapena kutsekera msilikali wa udindo wotsika mpaka masiku 28. Akapempha mphamvu zoonjezera kwa akuluakulu ake, masikuwo amafika 90. Milandu ikuluikulu, monga kupha ndi kugwiririra, komanda alibe nayo mphamvu ndipo amakakamizidwa kuipereka kwa apolisi a asilikali.

Zimafanana ndi bwalo la amfumu kumudzi. Ubwino wake ndi woti nkhani imatha msanga, ndipo woweruza amadziwa onse awiri, amadziwa amene ndi wandewu ndi amene wangophonya kamodzi. Kuipa kwake n'komweko. Amene amakudziwa akhozanso kukhala kuti anakuda kale, ndipo mawa mudzukanso limodzi, iye akulamula iwe ukumvera.

Pofuna kuchepetsa kuipako, lamulo linaika zitseko ziwiri. Mlandu usanayambe, msilikali ali ndi ufulu wokana kuweruzidwa ndi komanda n'kusankha kupita kukhoti, ndipo akatero khotilo silingamupatse chilango choposa chimene komanda akanapereka. Chigamulo chikaperekedwa, ali ndi masiku 14 ochita apilo ku Summary Appeal Court, kumene mlandu umamvedwanso kuyambira pachiyambi pamaso pa jaji.

Kwa msilikali wochokera kunja, apa m'pofunika kutchera khutu. Ambiri amavomera mlandu kwa komanda kuti nkhani ingotha, osadziwa kuti zigamulo zina zimakalembedwa m'kaundula wa apolisi ngati mlandu weniweni. Mu 2012 ku Britain kunamveka nkhani ya msilikali wa ku Fiji amene anatumikira zaka 13, koma anakanizidwa unzika chifukwa cha chindapusa chimene komanda anamulipiritsa atamenyana ndi mnzake. Nkhaniyo inadzakonzedwa anthu atadandaula kwambiri, koma inaonetsa kuti kamlandu ka mphindi zochepa mu ofesi kakhoza kutsatira munthu mpaka atavula yunifomu. Ku America chilango chofanana nacho, cha pansi pa Article 15, sichiwerengedwa ngati chigamulo cha khoti.

Khoti lenilenilo, ndi mmene Findlay analisinthira

Kuti timvetse khoti la asilikali la lero, limene amalitcha court martial, tiyambe ndi la dzulo. Alexander Findlay anali msilikali wa gulu la Scots Guards amene anamenya nawo nkhondo ya ku Falklands mu 1982 ndipo anabwerako atasokonezeka maganizo ndi zimene anaona. Mu 1990, ali ku Northern Ireland, ataledzera analoza anzake mfuti, n'kuwombera kawiri pa wailesi ya kanema. Anavomera milandu yake, ndipo mu 1991 anapatsidwa zaka 2 kundende, anatsitsidwa udindo n'kuchotsedwa ntchito. Iye sanakane kuti analakwa. Chimene anakadandaula kukhoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu chinali mmene khoti limene linamuweruza linapangidwira.

Nthawi imeneyo panali mkulu mmodzi wa asilikali amene ankaitanitsa khoti. Iye ndiye ankavomereza milandu yoti munthu aimbidwe. Iye yemweyo ankasankha maofesala okaweruza, onse a udindo wotsika kuposa iye ndipo ena okhala pansi pa ulamuliro wake. Ankasankhanso wozenga mlandu. Chigamulo chikatuluka, sichinkagwira ntchito mpaka iye atachitsimikiza. Mu Febuluwale 1997 khoti la ku Ulayalo, limene lili ku Strasbourg, linati dongosolo lotere silingatchedwe khoti loima palokha ndi losakondera. Sikuti linapeza kuti wina anachita chinyengo pa mlandu wa Findlay ayi. Linati munthu woganiza bwino, poona mmene zinalili, anali ndi chifukwa chokwanira chokayikira. Boma la Britain linali litaona kale kumene mphepo ikulowera ndipo mu 1996 linakhazikitsa lamulo logawa mphamvu za mkulu uja.

Lero ntchito zimene zinali m'manja amodzi zili m'manja anayi. Ofufuza ndi apolisi a asilikali. Woganiza ngati munthu aimbidwe mlandu ndi bungwe la Service Prosecuting Authority, limene silimvera akomanda koma limayang'aniridwa ndi mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Attorney General. Osankha anthu okakhala pa mlandu ndi ofesi yoyendetsa makhoti, ndipo amasankha ochokera kunja kwa gulu la woimbidwa mlanduyo. Wotsogolera mlandu ndi jaji wotchedwa judge advocate, amene si msilikali koma jaji wamba wosankhidwa monga amasankhidwira majaji ena onse. Khotili tsopano ndi lokhazikika, silichita kuitanitsidwa pa mlandu uliwonse. Limakhala kawirikawiri ku Bulford ndi ku Catterick, ndipo likhoza kukakhala kunja kwa dziko. Anthu ndi atolankhani amaloledwa kulowa. Wozengedwa mlandu akhoza kukhala ndi loya wamba, ndipo umboni umayenera kukhala wosasiya chikayiko, chimodzimodzi kukhoti lina lililonse.

Kusiyana kumene kwatsala kuli pa anthu ogamula. Kukhoti lalikulu la anthu wamba ku England, anthu 12 otengedwa mwa mwayi m'kaundula wa ovota ndi amene amanena ngati munthu walakwa, ndipo pamafunika onse, kapena osachepera 10, agwirizane. Kukhoti la asilikali kumakhala gulu laling'ono, la anthu atatu pa milandu yocheperako ndi 6 pa ikuluikulu, lopangidwa ndi maofesala ndi asilikali a maudindo akuluakulu. Kwa zaka zambiri kunali kokwanira kuti ochuluka agwirizane, ngakhale kusiyana kukhale kwa munthu mmodzi, mwakuti atatu mwa asanu akanatha kumanga munthu pa mlandu wakupha. Lamulo la 2021 linakhwimitsa zimenezi, ndipo pa gulu la anthu 6 tsopano pamafunika asanu. Kusiyana kwina n'kwakuti kwa anthu wamba chilango amachiganiza jaji yekha, pamene kuno jaji amakhala pansi ndi asilikali aja n'kuganizira limodzi, ndipo mavoti akafanana mawu a jaji ndiwo amadula. Oikira kumbuyo dongosololi amati okhawo amene anavalapo yunifomu ndi amene angadziwe kulemera kwa kugona paulonda. Otsutsa amati msilikali wamba saweruzidwa ndi anzake ofanana naye koma ndi mabwana.

Zilango: kuchokera ku chikoti kufika ku Colchester

Mbiri ya zilango ndi yowawa, ndipo ikutikhudza. Asilikali a ku Britain ankakwapulidwa pamaso pa gulu lonse mpaka 1881 pamene chikoti chinathetsedwa. Koma kwa asilikali akuda a m'maiko olamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo a Keyala (King's African Rifles) amene ankatengedwa ku Nyasaland, kukwapula kunapitirira mpaka 1946. Agogo athu amene anakamenya nkhondo ku Abyssinia ndi ku Burma anali pansi pa chilango chimene azungu anzawo a yunifomu ya mfumu imodzimodziyo anali atamasulidwako zaka zoposa 60 m'mbuyomo.

Imfa nayonso inali pafupi. Mu 1757 mkulu wa asilikali apamadzi, John Byng, anawomberedwa pasitima chifukwa chosachita zonse zimene akanatha pankhondo ya ku Minorca. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse makhoti a asilikali a Britain anagamula imfa kwa anthu oposa 3,000. Ambiri anachepetseredwa chilango, koma 346 anaphedwa, ochuluka mwa iwo chifukwa chothawa. Milandu ina inkatha m'mphindi zochepa popanda womuyankhulira munthu, ndipo ena mwa ophedwawo anali odwala maganizo chifukwa cha mabomba. Harry Farr, amene anagonapo m'chipatala miyezi ingapo ndi matenda amenewa, anawomberedwa mu 1916 pa mlandu wa mantha. Banja lake linamenyera nkhondo dzina lake kwa zaka zambiri, ndipo mu 2006 boma linakhululukira asilikali 306, onse atamwalira kalekale. Chilango cha imfa pa mantha ndi kuthawa chinathetsedwa mu 1930, ndipo pa milandu yonse ya usilikali chinatheratu mu 1998.

Masiku ano chilango chachikulu ndi ndende, mpaka moyo wonse, ndipo wolandira chimenechi amakagwira ukaidi kundende ya anthu wamba, nthawi zambiri ntchito itamuthera. Chotsatira ndi kuchotsedwa ntchito, kumene kuli mitundu iwiri, kuchotsedwa chabe ndi kuchotsedwa mochititsa manyazi. Palinso kutsitsidwa udindo, chindapusa, kulipira wolakwiridwa ndi chidzudzulo cholembedwa. Kwa sajeni amene watha zaka 15 akukwera pang'onopang'ono, kutsitsidwa kumapweteka m'thumba lero ndiponso pa penshoni mawa.

Chilango chimene kwa anthu wamba kulibe ndi kutsekeredwa kwa usilikali, kosapyola zaka 2, ku Military Corrective Training Centre ku Colchester. Malowa sawerengedwa ngati ndende. Otsekeredwa amavalabe yunifomu, amaguba ndi kuphunzira. Amene adzabwerera kuntchito amakhala mbali yawo n'kumaphunzitsidwanso usilikali, ndipo amene adzachotsedwa amakhala mbali ina n'kumaphunzira ntchito zamanja zokawathandiza kunja. Maganizo ake ndi oti msilikali amene boma lawonongerapo ndalama zambiri pomuphunzitsa ndi bwino kumuwongola kusiyana ndi kumutaya. Maofesala salandira chilango chimenechi.

Apilo, ndi milandu iwiri imene inagawa anthu

Wosakhutira ndi chigamulo amapita ku Court Martial Appeal Court, kumene kumakhala majaji wamba a khoti la apilo, ndipo pa mfundo zikuluzikulu za malamulo nkhani ikhoza kufika kukhoti lalikulu kwambiri m'dzikomo. Mawu omaliza sakhala a msilikali.

Mu 2011 ku Helmand, m'dziko la Afghanistan, sajeni Alexander Blackman anawombera wankhondo wa Taliban amene anali atavulala kale, ndipo kamera ya pachipewa cha mnzake inajambula zonse. Mu 2013 khoti la asilikali linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha n'kumupatsa ndende ya moyo wonse, yoti agwire zaka zosachepera 10. Apilo yoyamba inatsitsa zakazo kufika pa 8. Mu Malichi 2017, madokotala atachitira umboni kuti anali ndi matenda a maganizo panthawiyo, mlanduwo unasinthidwa kukhala wocheperapo, chilango chinakhala zaka 7, ndipo anatuluka mwezi wotsatira. Ena anati khoti linapereka nsembe msilikali amene akuluakulu ake anamusiya yekha pamalo oopsa. Ena anati linasonyeza kuti yunifomu si chishango.

Mlandu wa Baha Mousa unaonetsa nkhope ina. Iye anali wolandira alendo pahotela ku Basra, m'dziko la Iraq, ndipo anafera m'manja mwa asilikali a Britain mu Seputembala 2003 ali ndi mabala 93. Asilikali 7 anazengedwa mlandu. Mmodzi yekha, kopolo Donald Payne, amene anavomera yekha kuchitira nkhanza akaidi, ndiye analangidwa, ndipo anapatsidwa chaka chimodzi. Jaji anadandaula poyera kuti asilikali anatsekerana pakamwa, mboni zambiri n'kumangoti sizikukumbukira. Kumvana kumene kumapulumutsa asilikali kunkhondo n'komwenso kunabisa choonadi m'khoti.

Mafunso amene sanayankhidwe

Loyamba ndi lakuti milandu ikuluikulu yochitikira m'dziko momwemo, nthawi yamtendere, ikufuniranji khoti la asilikali pamene makhoti wamba ali pafupi. Jaji wopuma Shaun Lyons, amene boma linamupempha kuunika dongosolo lonseli, analangiza mu lipoti lotuluka mu 2020 kuti milandu yakupha ndi yogwiririra yochitikira ku Britain izipita kwa anthu wamba, pokhapokha Attorney General atalola mwapadera. Mabungwe oyankhulira asilikali aakazi anagwirizana naye, ponena kuti mayi amaopa kudandaula ngati wofufuza, mboni ndi ogamula onse ali m'yunifomu imodzi ndi womulakwira. Boma linakana. Linati makhoti a asilikali amazenga milandu msanga kuposa makhoti wamba amene adzaza ndi milandu yodikira, ndipo m'malo mwake linakhazikitsa nthambi yapadera yofufuza milandu ikuluikulu mu 2022. America inasankha njira yapakati: kuyambira Disembala 2023, milandu ngati imeneyi ikuzengedwabe kukhoti la asilikali, koma woganiza zoizenga ndi maloya apadera, osati komanda. France inathetsa makhoti a asilikali a nthawi yamtendere m'dziko mwake mu 1982, ndipo ku Germany msilikali wopalamula amakaonekera kukhoti la anthu onse. Njira imene ikuteteza bwino odandaula popanda kufooketsa mwambo, mpaka pano anthu sanagwirizane.

Lachiwiri ndi la msilikali amene wapalamula m'dziko la eni. Agnes Wanjiru anapezeka atafa mu 2012 pahotela ina ku Nanyuki, ku Kenya, pafupi ndi pamene asilikali a Britain amachitira maphunziro. Kafukufuku wa khoti la ku Kenya anapeza mu 2019 kuti anaphedwa ndi msilikali kapena asilikali a Britain, ndipo chikalata chomangira woganiziridwa chinatuluka mu Seputembala 2025. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma kwa banja limene linadikira zaka 13 kuti chikalatacho chituluke mawuwo satonthoza. Funsoli likukhudzanso asilikali a Malawi ndi a Zambia amene amapita kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations, chifukwa pangano lake ndi loti msilikali wotere akapalamula amaweruzidwa ndi dziko limene lamutumiza lokha. Izi zimamuteteza ku makhoti achilendo amene sangawadalire. Nanga wolakwiridwa amene watsala ku Congo adzadziwa bwanji kuti mlandu wake unazengedwa, ndipo mboni zake zidzafika bwanji kukhotiko?

Lachitatu ndi la anthu wamba. Pa 31 Januwale 2025 khoti lalikulu kwambiri ku Uganda linagamula kuti kuzenga anthu wamba milandu kukhoti la asilikali n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Patangopita miyezi yochepa aphungu anakhazikitsa lamulo lolola zimenezo pa milandu ina, ndipo Pulezidenti Museveni analisaina mu Juni. Boma likuti anthu ogwiritsa ntchito zida zankhondo amafunika khoti lachangu, pamene otsutsa akuti imeneyi ndi njira yowatsekera pakamwa. Ngakhale Britain imaweruza anthu wamba ena pansi pa lamulo la asilikali, monga mabanja a asilikali ndi ogwira ntchito okhala m'misasa ya kunja. Mu 2006 khoti la ku Strasbourg linapeza kuti dzikolo linaphwanya ufulu wa mwana wa kopolo wina, amene anaimbidwa mlandu wakupha ku Germany ali ndi zaka 17 n'kuweruzidwa ndi khoti la asilikali, ndipo linati zoterezi zingaloledwe pokhapokha pali zifukwa zamphamvu kwambiri. Zifukwa zamphamvuzo n'ziti, ndipo woziyeza ndani ngati boma limene likufuna kuzenga mlandu ndi lomwenso likulemba lamulo?

Chomaliza ndi nkhondo yeniyeni. Zonse zimene tafotokozazi, jaji wamba, loya, masiku 14 a apilo, zinakonzedwa m'zaka zimene Britain sinali pa nkhondo yoopseza moyo wa dziko lenilenilo. Congo, imene inali itasiya kunyonga anthu kwa zaka zoposa 20, inalengeza mu Malichi 2024 kuti iyambiranso, ndipo inatchula za asilikali opereka dziko kwa adani pamene nkhondo ya kummawa inakula. Kodi asilikali ambirimbiri atayamba kuthawa m'dziko limene lero likunyadira makhoti ake, aphungu adzasunga zitetezo zonsezi, kapena adzabwezera mphamvu kwa komanda? Ndipo ngati pali zina zoyenera kufupikitsidwa kunkhondo, ndi ziti zimene siziyenera kukhudzidwa ngakhale adani ali pakhomo?